Chiganizo chimodzi, kuchokera ku Golomoti mpaka ku Dubai

Anzanga a m'makalabu a achinyamata, ena a ku Mtakataka, ena a ku Bembeke, ena a kutsidya ku Kasinje, akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo pa WhatsApp: kodi iwe ku COP, msonkhano wa mayiko wa zanyengo uja, unapita bwanji, nanga ife tingayambire pati? Ndimayankha modukizadukiza, bandulo n'kutha nkhani ili pakati. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe zonse mmene zinayendera, kuphatikizapo pamene ndinachedwa, kuti wina asadzachedwe pomwepo.

Kwathu ndi ku Golomoti, kumunsi kwa Khwekhwerere, m'dera la Mfumu Yayikulu Kachindamoto. Ndimalima mpunga pang'ono ndi chimanga pamunda wa amayi, komanso ndine mlembi wa kalabu yathu ya achinyamata. Kumapeto kwa Novembala 2023 ndinakakhala nawo pa COP28, msonkhano wa mayiko onse wokambirana za kusintha kwa nyengo, womwe unachitikira ku Dubai. Koma ulendowo unayamba mu Epulo, ndi kope lachikuto cholimba lomwe tinagula pa msika wa Golomoti.

Namondwe wa Freddy anali atangodutsa mu Malichi. Mukukumbukira za ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Nsanje: anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anatsala opanda pokhala. Ife kuno sitinaone zoopsa zotero, ndipo sindikufuna kudziyika pamaliro a eni ake. Vuto lathu ndi lina, la chaka ndi chaka. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amatsika m'mapiri omwe mitengo inatha, n'kudzakhuthula mchenga m'minda. Dimba lomwe agogo ako analima limasanduka bwalo la mchenga usiku umodzi. Chaka chinacho mvula imadula chimanga chili m'mawondo. Palibe wailesi yomwe imalengeza kuti mayi wakutiwakuti wataya theka la ekala, mbuzi ziwiri ndi khoma la khitchini. Zimenezi zimangomezedwa, ndipo umphawi wa kwathu umakula nazo mwakachetechete.

Tinagwirizana kuti tizilembe. Poyamba tinakagwada kwa a gulupu kuti atipatse msewu, kenako tinakaonana ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC ija, ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Musadumphe sitepe imeneyi. Mukalowa m'mudzi ndi kope popanda mfumu kudziwa, anthu amaganiza kuti mukulemba mayina a olandira ufa, ndipo mukabwerako chimanjamanja mumasanduka akuba. Ife khomo lililonse tinkayamba n'kunena kuti sitinabweretse kanthu, tabwera kudzamva. Tinkafunsa zinthu zitatu zokha: mwataya chiyani m'zaka zitatu zapitazi, munadzithandiza bwanji, ndipo thandizo likanabwera mukanafuna lidzere kwa yani.

Pakhomo lina tinapeza agogo aakazi akusenda chinangwa. Anatiuza za munda, koma chimene chinawagwetsa misozi ndi manda. Mtsinje unagumula gombe n'kutenga mbali ya manda a kwawo, pomwe panagona amuna awo ndi ana awiri. Nditati pepani, anandiyang'ana n'kunena kuti: "Mdzukulu wanga, pepani sapoletsa chilonda. Walembazo ukapita nazo kuti?" Ndinalibe yankho. Funso limeneli ndi lomwe linandiyendetsa miyezi yonse yotsatira.

Chachiwiri chinali mapepala a kalabu. Kalabu yomwe sidziwika ku ofesi ya achinyamata ya kukhonsolo, kunja kuno ili ngati kulibe. Ndinakwera Khwekhwerere kukatulukira pa Masasa, n'kugwira minibasi ya pa M1 mpaka pa boma la Dedza, nditanyamula malamulo a kalabu, mndandanda wa mamembala ndi kalata ya a gulupu. Anatilumikiza ku netiweki ya achinyamata ya boma lonse, natilangizanso zokalembetsa ku National Youth Council of Malawi. Ndinapempha kalata yondidziwitsa, yokhala ndi chidindo. Kalata imeneyo ndinayijambula pafoni, ndipo ndinayitumiza malo ambiri kuposa pepala lina lililonse. Amene amasankha achinyamata opita kumisonkhano amafuna umboni woti kumbuyo kwako kuli anthu.

Tsopano mapu a kunjako, chifukwa ine anandizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Mu Seputembala 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana zolinga 17 za chitukuko chokhazikika, zoti zikwaniritsidwe pofika 2030: kuthetsa umphawi, njala, ndi zina zotero. Mmene mayiko akuyendera pa zolingazi amakaunikira ku New York mwezi wa Julayi chaka chilichonse, ndipo dziko lathu linakaperekako malipoti ake mu 2020 ndi mu 2022. Khomo la achinyamata kumeneko limatchedwa Major Group for Children and Youth, ndipo linachokera ku msonkhano wa ku Rio de Janeiro wa 1992. Nkhani ya nyengo, yomwe ndi cholinga cha nambala 13, ili ndi bwalo lakelake, pansi pa pangano la mayiko pa zanyengo lotchedwa UNFCCC, lomwe linabadwiranso ku Rio komweko, ndi pangano la ku Paris la 2015. Kumeneko khomo la achinyamata ndi YOUNGO. Makomo onse awiri kulowa n'kwaulere, umangolemba fomu pa intaneti. Ine ndinasankha la YOUNGO chifukwa ku COP27, ku Sharm el-Sheikh mu 2022, mayiko anali atavomera kukhazikitsa thumba la ndalama zothandiza pa zowonongeka ndi zotayika chifukwa cha nyengo, ndipo chaka cha 2023 chinali chokambirana mmene thumbalo lidzagwirire ntchito. Mchenga wa m'minda mwathu ndi manda a agogo aja malo ake anali amenewo.

Musalowe timagulu tonse ta m'kati mwa YOUNGO. Tilipo tambiri, ta zachuma, zaulimi, zaumoyo, zamagetsi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinalowa kamodzi, ka zowonongeka ndi zotayika. Zokambirana zimachitika m'Chingerezi pa Zoom, kawirikawiri usiku, ndipo netiweki ya kwathu imagwira bwino ukakwera pachulu kuseri kwa nyumba. Ndinaphunzira kuzimitsa vidiyo kuti bandulo ichedwe kutha. Ndinaphunziranso kuti kulankhula pamsonkhano wa pafoni si kofunika kwambiri ngati kulemba m'chikalata chomwe onse amalembamo limodzi. Zolankhula zimauluka, koma ukayika ndemanga yako pambali pa ndime, wina amayenera kuyiyankha asanayichotse.

Chaka chilichonse COP isanachitike, achinyamata a m'dziko lililonse amatha kukonza msonkhano wawo wotchedwa LCOY, ndipo mfundo zawo zimakaphatikizidwa n'kupanga chikalata chimodzi cha achinyamata a dziko lonse lapansi. Nditapita ku msonkhano wathu wokonzekera, ndinanyamula kope lija. Apa m'pamene ndinaphunzira ntchito yovuta kuposa zonse, yofinya kope lathunthu kuti litsale chiganizo chimodzi. Anzathu a m'tauni, ambiri a ku yunivesite, anabwera ndi nkhani zawo zomveka bwino, za ntchito zosawononga chilengedwe ndi za misika ya kaboni. Sindikuwanyoza, amadziwa zinthu ndipo anandithandiza kumasulira mawu ovuta. Koma chikalata chimakhala ndi malo ochepa, ndipo amene wabwera ndi madandaulo khumi amabwerera opanda ngakhale limodzi. Mlongo wina yemwe anapitako kale ku misonkhanoyi anandikokera pambali nati: "Achemwali, nkhani ya agogoyo ndi yogwira mtima, koma nthumwi singayike misozi m'pangano. Mukufuna alembe chiyani, m'ndime iti?"

Usiku umenewo ndinalemba ndi kufufuta mpaka chinatsala ichi: gawo la ndalama za thumbali lizifika kwa anthu a m'midzi mwachindunji kudzera m'mathandizo ang'onoang'ono, zotayika zosagulika ndi ndalama monga manda ndi malo a miyambo ziziwerengedwa, ndipo mafomu opemphera thandizo azikhala m'zilankhulo za anthuwo. Chinachokera ku funso lachitatu lija. Pafupifupi khomo lililonse linatiuza kuti thandizo likadzera m'manja ambiri limafika litaonda, mwinanso mvula ina itagwa kale.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri timasochera. Ku COP achinyamata savota, mabungwe savota. Zigamulo amapanga ndi maboma a mayiko okha, ndipo amapanga mogwirizana onse. Choncho chiganizo chako chimayenda pokhapokha nthumwi ya boma itachitenga n'kuchiyesa chake. Kuno kwathu nkhani za panganoli zimayendetsedwa ndi nthambi yoona za chilengedwe, ya Environmental Affairs, ndipo COP isanafike pamakhala zokambirana zokonza mfundo zomwe dziko lipite nazo. Mabungwe monga CISONECC ndi National Youth Network on Climate Change ndi amene amadziwa masiku ake ndipo amatha kukulowetsa. Dziko la Malawi nalonso silikalankhula lokha. Limadzera m'gulu la mayiko osaukitsitsa la LDC, lomwe chaka chimenecho linali ndi mayiko 46 ndipo ankalitsogolera mayi Madeleine Diouf Sarr a ku Senegal, m'gulu la nthumwi za mu Africa lomwe ankalitsogolera a Ephraim Shitima a ku Zambia, komanso m'gulu lalikulu la mayiko omwe akutukuka kumene, lotchedwa G77 ndi China. Chiganizo chochokera ku Golomoti chimayenera kukwera makwerero onsewa, ndipo pa sitepe iliyonse chimapikisana ndi za ena. Ine ndinachisindikiza pa pepala limodzi, pamwamba chiganizocho m'Chingerezi, pansi nkhani ziwiri zazifupi za m'kope, n'kuchipereka m'manja mwa mmodzi wa akuluakulu okambirana m'malo mwa dziko lathu. Unali mwezi wa Okutobala. Sungani mwezi umenewu m'mutu, ndibwererako.

Za baji. Malo a COP amagawidwa pawiri. Kuli Green Zone, komwe kumakhala zionetsero za makampani ndi mabungwe, ndipo kuli Blue Zone, komwe kumachitikira zokambirana zenizeni. Popanda baji ya UNFCCC ku Blue Zone sulowa. Baji imabwera m'njira ziwiri. Boma likhoza kukuika pa mndandanda wa nthumwi zake, kapena bungwe lomwe linavomerezedwa kale ngati loonerera likhoza kukupatsa amodzi mwa malo ochepa omwe lapatsidwa. Iwe pawekha sungadzilembetse. Bungwelo limalowetsa dzina lako monga lilili mu pasipoti, ndipo umalandira kalata pa imelo yotsimikiza kuti walembedwa. Mabungwe amatumiza mayina miyezi ingapo msonkhano usanafike, ndiye kupempha mu Novembala n'kugogoda pa nyumba yomwe eni ake anasamuka. Ine ndinalemba makalata ambiri, ambiri sanayankhidwe, mpaka bungwe lina la zachipembedzo lomwe limagwira ntchito ndi alimi linandipatsa baji ya sabata yoyamba yokha. Izi zimachitika kawirikawiri, amagawa baji imodzi kwa anthu awiri, wina sabata yoyamba wina yachiwiri.

Baji sigulitsidwa. Munthu wina ananditumizira uthenga kuti nditumize ndalama pafoni andipezere malo. Ndinafunsa mlongo uja ndisanatumize, ndipo anandiletsa. Wina aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti mulembedwe, muthaweni.

Baji sibweranso ndi tikiti, malo ogona kapena chakudya. Bungwe lija linalipira ndege ndi bedi m'chipinda chogona anthu anayi, zotsalazo zinali zanga. Pasipoti ndinali nditayamba kuyitsata mu Juni, ndi chitupa cha unzika m'manja, ndipo ndikulangiza aliyense kuti ayambe msanga choncho, asanadziwe n'komwe ngati adzapite, komanso aonetsetse kuti yatsala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi isanathe ntchito. Viza ya ku Dubai kwa olembedwa pa COP28 inali yaulere, yofunsira pa intaneti pogwiritsa ntchito kalata ija. Chomwe sindinachiyembekezere ndi kugwa kwa kwacha. Kumayambiriro kwa Novembala ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 kubanki. Ndalama zomwe ndinasunga ku banki m'khonde nditagulitsa mpunga zinafota ndikuziona. Masiku omwewo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anayimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma, ndipo iwo eni sanapite ku Dubai. Kunyumba nako kunali nkhani. Amayi sanafune kuti mwana wamkazi apite yekha kutali chotero, mpaka amalume anabwera, anawerenga makalata onse mmodzimmodzi, anayimbira foni mkulu wa bungwe lija, kenako anati: "Mlekeni apite, wanyamula mawu a mudzi." A kalabu anasonkha kangachepe, azakhali anandikazingira mtedza wodzaza chigubu. Mtedza umenewo unandisunga, chifukwa mtengo wa mbale imodzi ya chakudya m'kati mwa msonkhano ukanandidyetsa masiku angapo kwathu.

Ndinanyamukira pa bwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Addis Ababa. Masiku atatu oyamba anali a COY18, msonkhano wa achinyamata a mayiko onse, komwe chikalata chathu chija chinamalizidwa n'kuperekedwa kwa atsogoleri a COP. Kenako pa 30 Novembala zipata za Expo City zinatsegulidwa. Tinkapita pa sitima ya Metro, yomwe olembedwa tinkakwera ulere. Anthu anali oposa 80,000, chiwerengero chomwe sichinaonekepo pa COP ina iliyonse m'mbuyomo, ndipo kuchoka pa chipinda china kupita pa china unali mtunda ndithu, dzuwa lili pamutu. Tengani nsapato zoyendera, osati za ku tchalitchi.

Ndinali nditakonzeka kuti sabata yonse ndikhala ndikumenyera chiganizo changa. Tsiku loyamba lomwelo, madzulo asanafike, wapampando wa msonkhano, Sultan Al Jaber, anamenya kanyundo kake, ndipo malamulo oyendetsera thumba la zowonongeka ndi zotayika anavomerezedwa. Holo yonse inaimirira kuomba m'manja. Ine ndinaombanso, koma m'mimba munali mutazizira. Nkhani yomwe ndinadzera inali yatha ndisanatsegule pakamwa.

Mawa lake ndinakumana m'khonde ndi bambo aja ndinawapatsa pepala mu Okutobala. Ndinawafunsa kuti zatheka bwanji. Anandikhazika pansi, ngakhale anali pa liwiro, nandifotokozera. Malamulowo sanalembedwe ku Dubai. Inalemba ndi komiti ya anthu 24, 14 ochokera m'mayiko omwe akutukuka kumene ndi 10 a m'mayiko olemera, yomwe inakhala ikukumana chaka chonse. Inakangana kwambiri, makamaka pa nkhani yoti thumbalo lisungidwe ndi World Bank, mpaka inachita kuwonjezera msonkhano wachisanu ku Abu Dhabi kumayambiriro kwa Novembala. Zomwe anagwirizana kumeneko zinali zosalimba moti aliyense ankaopa kuti akazitsegulanso ku Dubai zonse zigumuka. "Mwana wanga," anatero, "pepala lako linali labwino. Likanandipeza mu Malichi kapena mu Juni tisanapite ku Bonn, likanagwira ntchito yaikulu. Mu Okutobala mphika unali utatsala pang'ono kuphulidwa." Ku Bonn, m'dziko la Germany, n'komwe nthumwi zimakumana mwezi wa Juni chaka chilichonse kukonza zomwe zidzavomerezedwe kumapeto kwa chaka. Ine zimenezi ndinkazidziwa ngati dzina chabe.

Usiku ndinakhala pabedi n'kuwerenga chikalata chonsecho pafoni, ndime ndi ndime, dikishonale ili pambali. Ndinapeza kuti mwa njira zopezera ndalama zomwe zinalembedwa, munali ya mathandizo ang'onoang'ono opita kwa anthu a m'madera ndi magulu omwe ali pachiopsezo. Munalinso mawu ovomereza zotayika zosawerengeka ndi ndalama, gawo lotsimikizika la mayiko osaukitsitsa ndi a pazilumba zing'onozing'ono, komanso oti achinyamata, amayi ndi anthu a mitundu yoyamba kukhala m'madera awo azikhala nawo pa zokambirana za bodi ya thumbalo ngati oonerera. Za mafomu a m'zilankhulo zathu sindinazipeze. Sindinganame kuti mizere imeneyo inalowa chifukwa cha ine. Anayimenyera ndi anthu ambirimbiri omwe sindidzawadziwa, kwa zaka zambiri. Dziko la Vanuatu linayambitsa nkhaniyi m'malo mwa mayiko a pazilumba mu 1991, ine ndisanabadwe. Inadzapeza dongosolo lakelake loyendetsera pa COP ya ku Warsaw mu 2013, ndime yake m'pangano la ku Paris mu 2015, ndipo ku Glasgow mu 2021 boma la Scotland linakhala loyamba kuikapo ndalama, mapaundi 2 miliyoni. Komabe kuona kuti zomwe amayi a kwathu ananena pakhonde zikufanana ndi zomwe anthu a ku Bangladesh ndi ku Fiji akhala akunena kunandilimbitsa mtima kwambiri. Sitinali kulota.

Masiku otsalawo ndinasintha ntchito. M'mawa uliwonse a YOUNGO timakumana kugawana zochita: wina akamvere chipinda chakuti, wina akalembe mawu oti akalankhulidwe. Mu holo yaikulu achinyamata amapatsidwa mphindi ziwiri zokha, kawirikawiri kumapeto nthumwi zambiri zitatuluka, ndiye musaike mtima wonse pamenepo. Zipinda zina amalola oonerera kukhala kumbuyo osalankhula, zina amatseka n'kunena kuti n'za maboma okha. Ngakhale kuchita zionetsero m'katimo umayenera kupempha chilolezo pasadakhale, ndipo saloleza kutchula dzina la dziko kapena kunyamula mbendera yake. Ntchito yeniyeni imachitika m'makonde, pamzere wa khofi, ndi pakhomo la chipinda nthumwi zikamatuluka. Umakhala ndi mphindi imodzi. Ndinkanena dzina ndi kwathu, chiganizo changa, n'kupereka pepala. Ena ankadziwa Golomoti chifukwa cha malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe ali kwathu, ndipo zinkanditsegulira nkhani.

Nambala ziwiri zinandithandiza kuposa mawu onse. Malonjezo omwe mayiko anaika m'thumbali ku Dubai anangopitirira pang'ono madola 700 miliyoni. United Arab Emirates inalonjeza 100 miliyoni, Germany 100 miliyoni, United States 17.5 miliyoni, Japan 10 miliyoni. Pomwe kafukufuku wa boma lathu pambuyo pa Freddy anapeza kuti kukonzanso zomwe namondwe mmodziyo anawononga m'Malawi mokha kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi likanathera pa ife tokha, pa namondwe mmodzi. Ndikanena zimenezi, ngakhale wothamanga ankaima. Mukamapita kokakopa anthu otere, pezani nambala imodzi yoona yomwe mungayitchule muli m'tulo, ndipo mudziwe komwe inachokera, chifukwa adzakufunsani.

Panali china chomwe chinandipweteka. Gulu lina linandiitana kuti ndikalankhule pa zokambirana zawo, koma nditafika ndinaona kuti chomwe ankafuna ndi chithunzi cha mtsikana wa kumudzi wovala chitenje, ndi nkhani yomvetsa chisoni ya mphindi zitatu. Nditayamba kunena za mathandizo ang'onoang'ono ndi mafomu, woyendetsa zokambirana anandidula. Kuyambira tsiku limenelo, wondiitana aliyense ndinkamufunsa kaye ngati ndiloledwe kunena pempho langa, ndiponso kuti m'chipindamo mukhala ndani. Nkhani ya manda a agogo aja si yokometsera msonkhano wa munthu.

Baji yanga inatha sabata yoyamba, ndipo za kutha kwa msonkhano pa 13 Disembala, ndi mawu omwe anagwirizana oti mayiko ayambe kusiya mafuta ndi malasha, ndinazimvera pa wailesi ndili kwathu, tikubzala.

Sitepe yomaliza ambiri amaidumpha, koma kwa ine ndi yomwe inali ngongole. Ndinalemba lipoti la masamba awiri m'Chichewa, lina ndinakasiya ku ofesi ya achinyamata, lina kwa a gulupu, ndipo ndinapempha mphindi khumi pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera lonse, ya ADC. Kenako tinayitanitsa anthu a m'midzi yomwe tinayendamo, pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza zoona: thumba lakhazikitsidwa, ndalama zake n'zochepa, sizifika chaka chino kapena chamawa, ndipo ine sindinabwere ndi kanthu m'manja. Bambo wina anafunsa ngati ndinalandira alawansi, ndinawawerengera zonse mmene zinayendera. Agogo aja anali pamphasa kutsogolo. Anafunsa ngati za manda ndinakanena. Ndinati eya, ndinanena, ndipo m'malamulo a thumbalo muli mawu ovomereza kuti zotayika zotere ziliko. Anagwedeza mutu nati: "Ndiye kopelo usataye."

Sitinataye, tili pa kope lachitatu. Chaka cha 2024 El Niño anatiotcha, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo tinalemba zonse, khomo ndi khomo, ndi masiku ake. Chaka chomwecho utsogoleri wa gulu la LDC pa zanyengo unabwera ku Malawi, m'manja mwa a Evans Njewa, kutanthauza kuti munthu wolankhulira mayiko onse osaukitsitsa anali woti ukhoza kumupeza ku Lilongwe. Bodi ya thumba lija, ya anthu 26, inasankha dziko la Philippines kukhala kwawo, ndipo mu Epulo 2025 itakumana ku Barbados inapatula madola 250 miliyoni oyambira, theka lake la mayiko osaukitsitsa ndi a pazilumba. Mapempho a ndalamazi amadzera ku boma la dziko lililonse. Ndiye funso lomwe ndinapita nalo ku Dubai labwerera kuno: pempho la Malawi alemba ndani, ndipo midzi ya kumunsi kwa Khwekhwerere ilimo kapena ayi?

Ku COP sindinapitenso, ndipo baji ya chaka chotsatira ndinapempha kuti apatse mnyamata wa kalabu ya ku Mtakataka. Kalendala ya kalabu yathu tinayitembenuza. Mu Febuluwale, mvula ili pakati, timayenda ndi kope. Mu Malichi timafinya chiganizo. Pofika Epulo pepala limakhala litafika ku khonsolo, ku mabungwe aja, ndi m'manja mwa nthumwi zisananyamuke kupita ku Bonn. La chaka chino likupemphanso za mafomu a m'Chichewa, ndipo Lachiwiri likudzali ndikwera nalo Khwekhwerere kuti akalidinde.